Kamera Ikakhala m'Manja mwa Mwini Nkhani

Chigawo chokhudza mtima kwambiri mu filimu ya ku Chile yotchedwa The Eternal Memory ndi chimene chinajambulidwa moipa. Zithunzi zake n'zachimbuuzi, nthawi zina mutu wa munthu wadukira m'mphepete. Chifukwa chake n'chakuti mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, wokonza filimuyo, Maite Alberdi, sakanathanso kulowa m'nyumba imene ankajambulamo. Anangopereka kamera kwa mayi wa m'nyumbamo, Paulina Urrutia, katswiri wa zisudzo amene anakhalaponso nduna ya zachikhalidwe, koma wosazolowera kutchera kamera kuti ione bwino. Mwamuna wake, mtolankhani Augusto Góngora, ankadwala Alzheimer, matenda aja amafufuta zimene munthu akudziwa pang'onopang'ono mpaka kuiwala nkhope ya mkazi wake. Ndiye bamboyo akadzuka usiku atasokonezeka, akufuna mabuku ake ndi anzake, akulira kuti amusiya yekha, panalibe wina woti agwire kamera. Inkangoima pamene mayiyo waiika, iye n'kupita kukamugwira dzanja, kumukumbutsa dzina lake, dzina la iyeyo, ndi kuti nyumbayo ndi yawo.

Katswiri aliyense wa kamera akanakonza zithunzi zimenezo. Koma katswiriyo sakanapezeka m'chipindamo pakati pa usiku, ndipo akanapezekamo, zimene tinaonazo sizikanachitika momwemo. M'zaka zaposachedwapa, ambiri mwa mafilimu a documentary, oonetsa anthu ndi zochitika zenizeni, amene agwedeza anthu padziko lonse ndi amene kamera inali m'manja mwa mwini nkhani, kapena mwa munthu amene nkhaniyo ikumudya nayenso. Ine ndikuona kuti kusintha kumeneku n'kwabwino, ndipo amene amadandaula nako amadandaula polakwika. Vuto lilipo ndithu, lalikulu, koma lili pena.

Kale kachitidwe kake kanali kodziwika. Gulu la ojambula linkachokera kutali, kawirikawiri ku dziko lolemera, kufika pamene pagwa tsoka, kukhalapo milungu ingapo, n'kubwerera. Kenako mawu a munthu wosaoneka, odekha bwino, ankatifotokozera zimene anthu a m'zithunzimo akumva mumtima. Eni ake ankangooneka akulira, akuthawa, kapena akuyang'ana kamera mwakachetechete. Zimenezo ndi zimene tinkazitcha kusakondera.

Taonani tsono For Sama, ya mu 2019. Waad al-Kateab anali wophunzira pa yunivesite ya Aleppo pamene anthu a ku Syria anayamba kuukira boma la Bashar al-Assad mu 2011. Anayamba kujambula ndi foni, kenako kamera, ndipo sanasiye kwa zaka zisanu. M'zaka zimenezo anakwatiwa ndi dokotala, Hamza, anatenga pakati, n'kubereka mwana wamkazi, Sama, uku akukhala m'chipatala chimene mwamuna wake ankayendetsa kum'mawa kwa mzindawo. Filimu yonse ndi kalata yopita kwa mwanayo. Pali pena pamene abwera ndi mayi woyembekezera atavulazidwa ndi bomba. Madokotala akumuchita opaleshoni mwamsangamsanga n'kutulutsa khanda lotuwa, lolobodoka, losapuma. Akulisisita pamsana, kulitembenuza chadodolido, kulimenya pang'ono, kulipanikiza pachifuwa. Kamera siikuchoka. Nthawi ikutalika mpaka woonera wataya mtima, kenako khandalo likutsegula maso n'kulira. Zimenezi mwina mtolankhani wolimba mtima wakunja akanazijambula atachita mwayi. Zimene sakanatha ndi izi: Waad ndi Hamza, atatuluka bwinobwino kupita ku Turkey kukaona bambo a Hamza amene ankadwala, akusankha kubwerera ku Aleppo pamene mzinda ukuzingidwa, mwana ali pachifuwa. Ndipo mayiyo akufunsa mwana wake poyera ngati adzamukhululukire. Funso limenelo angafunse ndi yekhayo amene anaika mwanayo pangozi.

Khomo la m'nyumba ndi limene mafilimu ameneŵa amalowera pofuna kufotokoza dziko lonse. Sam Soko wa ku Kenya anayamba Softie ngati nkhani ya Boniface Mwangi, wojambula zithunzi ndi womenyera ufulu amene anapikisana nawo pa mpando wa phungu ku Nairobi mu 2017. Koma amene amatsala m'maganizo ukatha kuonera ndi mkazi wake, Njeri, amene anatenga ana kupita nawo ku America banjalo litaopsezedwa kuti liphedwa, ndipo akufuna kudziwa kuti pakati pa dziko ndi ana, bambo awo aika chiti patsogolo. Ndale zogula mavoti ndi ndalama zapamanja zilimo m'filimuyo, koma mtengo wake weniweni tikuuona pa nkhope ya mayiyu.

Otsutsa amati munthu sangaweruze mlandu wake womwe. Amati filimu yotere imaonetsa mbali imodzi, ndipo akunena zoona. For Sama siikhalitsa pa zoipa zimene magulu oukira boma anachita. No Other Land, imene inapata mphoto ya Oscar mu Malichi 2025, siipereka mpata wautali kwa boma la Israel kuti lifotokoze mbali yake. Koma kamera iliyonse imaima penapake. Ya mlendo nayonso imaima pamene womasulira chinenero, dalaivala, asilikali omuperekeza ndi mkonzi wa kwawo ailola kuima, kungoti iye satiuza. Mwini nkhani amatiuza pachiyambi pomwe kuti iye ndani, waima pati, wataya chiyani, ndipo woonera wanzeru amadziwa pochotsera ndi powonjezera. M'khoti, umboni wa munthu amene anaona ndi maso ake sautaya chifukwa choti wovulalayo ndi iyeyo. Amamufunsa mafunso, n'kuuika pambali pa maumboni ena.

Chinanso chimene mlendo alibe ndi nthawi. Masafer Yatta ndi timidzi ta kum'mwera kwa Hebron, ku West Bank, m'dera limene asilikali a Israel analengeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ndi malo ophunzirirapo kuwombera. Mlandu unakhala m'khoti zaka zoposa 20, mpaka mu Meyi 2022 khoti lalikulu la Israel linalola kuti anthu oposa 1,000 achotsedwe. Nkhani yotere siichitika tsiku limodzi. Lero agumula khola, mwezi wamawa nyumba, kenako sukulu, kenako athira simenti m'chitsime. Wobwera kwa milungu iwiri angaone nyumba imodzi itagwa n'kuganiza kuti ndi mkangano wa zilolezo zomangira. Basel Adra, mmodzi mwa opanga No Other Land, anabadwira pomwepo, ndipo filimuyo, yojambulidwa kuyambira 2019 mpaka 2023, ikugwiritsanso ntchito matepi akale a kwawo momwe iye akuoneka ali kamwana. Tikuona Harun Abu Aram, mnyamata wa m'deralo, akuwomberedwa polimbirana jenereta ndi asilikali mu Januwale 2021. Kenako tikuona mayi ake akumusamalira m'phanga atafa ziwalo, miyezi ikupita, atolankhani akubwera kudzamujambula n'kumapita. Anamwalira mu 2023. Kuti uonetse zonsezo motsatana, uyenera kukhala munthu amene alibe kwina kopita.

Sindikunena kuti mlendo alibe ntchito. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. No Other Land anaipanga anthu anayi: Apalestina awiri, Adra ndi Hamdan Ballal, ndi Aisraeli awiri, Yuval Abraham ndi Rachel Szor. Waad naye anatuluka mu Aleppo ndi zithunzi za maola oposa 500, ndipo anakhala pansi ndi Edward Watts wa ku Britain kuti apeze filimu mkati mwa mulu umenewo. Chasintha ndi mpando umene mlendo akukhalapo. Abraham ali mkati mwa chithunzi, ndipo akusekedwa: Adra akumuuza kuti ali ndi phuma, akufuna zinthu za zaka makumimakumi zithe m'masiku khumi. Madzulo Abraham akukwera galimoto ya nambala yachikasu n'kupita kwawo, kudutsa pamene mnzakeyo saloledwa kudutsa momasuka. Filimu ya kachitidwe kakale ikanabisa ulendo wobwerera kwawo umenewo.

Vuto lenileni ndi lakuti mwini nkhani sakhala yekha m'chithunzi.

Shiori Ito, mtolankhani wa ku Japan, anaima pamaso pa atolankhani anzake mu 2017 n'kunena kuti mtolankhani wina wotchuka wa pa TV anamugwiririra mu 2015. Oimira boma pa milandu anali atakana kuzenga mlanduwo. Iye anakasuma yekha kufuna chipukuta misozi, ndipo mu Disembala 2019 khoti la ku Tokyo linagamula kuti apatsidwe ma yen 3.3 miliyoni. Zaka zonsezo ankajambula: iye mwini akulankhula ndi foni yake usiku, zokambirana zake ndi wapolisi wofufuza, dalaivala wa takisi imene inawanyamula usiku umenewo. Filimu yake, Black Box Diaries, inapikisana nawo pa Oscar mu 2025. Koma maloya amene anamuimira pa mlandu uja anadandaula poyera kuti anagwiritsa ntchito zithunzi za makamera achitetezo a pahotela zimene zinaperekedwa kuti zigwire ntchito m'khoti mokha, komanso mawu ndi nkhope za anthu ena popanda chilolezo chawo. Mu Febuluwale 2025 Ito anapepesa kwa amene sanawapemphe, n'kulonjeza kukonza mbali zina.

Pa zithunzi za pahotela, ine ndili kumbali ya Ito. Zikuonetsa mkazi amene sakutha kuima bwino akukokedwa kutuluka m'takisi, ndipo anthu amene anakana kumumvera anayenera kuziona. Komabe mfundo ya maloyawo si yachibwana. Hotela ina ikadziwa kuti zithunzi zoperekedwa kukhoti zimakathera pamaso pa dziko lonse, mawa idzakaniza mkazi wina amene alibe kamera ndiponso alibe dzina lotchuka. Pa wapolisi ndi dalaivala, pamenepo ndikuona kuti Ito analakwa. Nkhani ndi yake, palibe angamulande, koma nkhope ya munthu amene anamuthandiza, mwinanso poika ntchito yake pachiswe, ndi ya munthuyo.

Zimavuta kwambiri pakakhala mwana. To Kill a Tiger, ya Nisha Pahuja, wobadwira ku India koma wokulira ku Canada, ikutsatira mlimi wa ku Jharkhand, ku India, dzina lake Ranjit, amene mwana wake wamkazi wa zaka 13 anagwiriridwa ndi amuna atatu mu 2017. Akuluakulu a m'mudzi ankafuna kuti mtsikanayo akwatiwe ndi mmodzi mwa atatuwo kuti manyazi athe. Bamboyo anakana, anapita kukhoti, ndipo atatuwo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25 aliyense. Filimuyo siibisa kuti kupezeka kwa kamera kunakoleza mkwiyo m'mudzimo, mpaka anthu kusonkhana panyumbapo kuopseza banjalo ndi ojambula omwe. Mtsikanayo anaonera filimuyo atakwanitsa zaka 18, ndipo anasankha yekha kuti nkhope yake ioneke. Ena ku India anati ngakhale zili choncho, lamulo loletsa kuulula mwana wogwiriridwa silinalemekezedwe. Kwa ine, chofunika n'chakuti anafunsidwanso atakula, filimu ili pamaso pake, ali ndi mphamvu yokana. Chilolezo chosayinidwa tsiku loyamba, munthu asanadziwe kuti nkhope yake idzafika pa Netflix m'mayiko amene sanawamvepo, n'chochepa kwambiri. Ndipo pali ena amene sangafunsidwenso n'komwe. Góngora, wa mu The Eternal Memory uja, anavomera kujambulidwa mutu ukugwira bwino, moti ndi iye amene analimbikitsa mkazi wake pamene ankazengereza. Koma munthu amene tikumuona akulira kumapeto kwa filimuyo sakanathanso kunena kuti basi, zimitsani. Udindo wonse unatsala pa Urrutia ndi Alberdi, ndipo ife oonera tikungowakhulupirira.

Chosangalatsa n'chakuti vuto limeneli labala luso. Jonas Poher Rasmussen wa ku Denmark anafotokoza nkhani ya mnzake wa kusukulu, amene anathawa ku Afghanistan kudzera ku Moscow, pogwiritsa ntchito makatuni ndi dzina lopeka lakuti Amin. Za iyeyo, mawu okha ndi amene ali enieni. Flee, ya mu 2021, inakhala filimu yoyamba kupikisana pa Oscar m'magulu atatu nthawi imodzi: la documentary, la makatuni ndi la mafilimu a mayiko ena. Mu Welcome to Chechnya, David France anaphimba ndi kompyuta nkhope za anthu a ku Chechnya, dera la Russia, ozunzidwa chifukwa chokonda amuna kapena akazi anzawo, n'kuikapo nkhope za anthu ena odzipereka, ndipo woonera akuuzidwa pachiyambi. Asmae El Moudir wa ku Morocco, posowa zithunzi za ubwana wake ndi za zipolowe za mtengo wa buledi za mu 1981 ku Casablanca, anamanga ndi bambo ake kadera kawo konse m'tinyumba ting'onoting'ono, ndi tizidole ta anthu ake, n'kuitana banja ndi anansi kuti adzalankhule atazungulira.

Kaouther Ben Hania wa ku Tunisia anapita patali kuposa onsewa. Olfa Hamrouni ali ndi ana aakazi anayi. Awiri aakulu, Ghofrane ndi Rahma, anathawira ku Libya kukalowa gulu la zigawenga la Islamic State. Mu Four Daughters, ya mu 2023, atsikana awiri a zisudzo akutenga malo a osowawo, n'kukhala pamodzi ndi azing'ono awo enieni, Eya ndi Tayssir. Katswiri wa zisudzo Hend Sabri anaitanidwa kuti azilowa m'malo mwa Olfa zikafika powawa kwambiri, koma nthawi zambiri Olfa weniweni ali pomwepo, akumukonza kaseweredwe, ndipo Sabri naye akumupanikiza ndi mafunso pa nkhanza zimene ankachitira ana ake. Mwamuna mmodzi akusewera amuna onse a m'moyo wa banjalo. Pofika pa chigawo chimene atsikanawo akuyang'anizana ndi chibwenzi cha mayi awo, chimene amati chinkawachita zachipongwe, wa zisudzoyo akulephera kupirira, akupempha kuti ayambe aima, n'kuchokapo. Amene akuumirira kuti chigawocho akuchifuna ndi Eya.

Ena amati zikafika potere si documentary ayi, ndi sewero. Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi woonera wauzidwa? Mu 2021 Morgan Neville anagwiritsa ntchito kompyuta kupanga mawu a malemu Anthony Bourdain, katswiri wophika wa ku America wotchuka pa TV, mu filimu ya Roadrunner, kuti amveke akuwerenga mizere ingapo imene iye analemba, osauza oonera kuti mawuwo ndi opanga. Makatuni a mu Flee palibe amene angawasokoneze ndi zithunzi zenizeni. Mawu a Bourdain aja, aliyense amene anawamva anaganiza kuti ndi iyeyo.

Ndivomereze mfundo imodzi ya otsutsa, chifukwa ili ndi mano. Nkhani ya munthu mmodzi imakoma, ndipo opereka ndalama ndi opereka mphoto azolowera kufuna nkhope imodzi, ngwazi imodzi, misozi ya pafupi. Zinthu zina sizilowa m'chikombole chimenecho. N'chifukwa chake Dahomey ya Mati Diop, imene inapata mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 2024, inandisangalatsa mwa njira ina. Ikutsatira chuma chachifumu 26 chimene France inabweza ku Benin mu Novembala 2021, mwa zinthu zimene asilikali ake analanda mu 1892. Mulibe ngwazi. Muli ophunzira a pa yunivesite ya Abomey-Calavi akutsutsana okhaokha, ena akuti n'chipambano, ena akuti kubweza zinthu 26 zokha n'chipongwe, ndipo Diop sakuwagamulira. Eni nkhani pano ndi khamu losagwirizana.

Koma chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri chimachitika filimu ikatha. Mlendo amakwera ndege. Mwini nkhani amatsala pomwepo, nkhope yake ikudziwika kwa aliyense amene wakwiya nayo. Moses Bwayo, amene anatsatira Bobi Wine, woimba ndi wandale wotsutsa boma, ndi kamera zaka zingapo mpaka chisankho cha ku Uganda cha mu 2021, anamangidwapo, anawomberedwa kumaso ndi chipolopolo cha labala, ndipo pamapeto pake anathawira ku America. Fatma Hassona, wojambula zithunzi wa ku Gaza wa zaka 25, amene kwa miyezi yambiri ankalankhula pa foni ya vidiyo ndi Sepideh Farsi wa ku Iran, anaphedwa ndi bomba la Israel pamodzi ndi abale ake pa 16 Epulo 2025, litangopita tsiku limodzi chilengezereni kuti filimu yawo ikaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Awdah Hathaleen, amene anathandiza pa No Other Land, anawomberedwa n'kufa m'mudzi wa Umm al-Khair mu Julayi chaka chomwecho. Sindikunena kuti mafilimu ndi amene anawaphetsa. Ndikunena kuti kutchuka kwa mafilimuwo sikunawateteze, pomwe ambiri timadzitonthoza ndi maganizo akuti munthu dziko likamudziwa, sangakhudzidwe.

Pali lamulo lakale pakati pa opanga mafilimu otere lakuti munthu wojambulidwa salipidwa, kuopera kuti angayambe kusewera pofuna ndalama. Pa nthawi yojambula lamulolo lili ndi nzeru. Filimu ikatuluka n'kuyamba kupata mphoto, sindikuonanso chifukwa chake. Opanga Honeyland, ya mu 2019, anagulira nyumba Hatidze Muratova, mayi wofula njuchi wa ku North Macedonia amene anamujambula kwa zaka zitatu, ndipo filimuyo sinachepe choonadi chifukwa cha nyumbayo. Zimenezi zisamadalire kukoma mtima kwa wokonza filimu mmodzimmodzi. Mabungwe opereka ndalama, zikondwerero za mafilimu ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti, onse amene amadyerera ulemu wa nkhani zimenezi, ayenera kuika mu bajeti ndalama za loya, za uphungu, za kusamutsa munthu zikavuta, ndi gawo la phindu likakhalapo.

Panopa tili kutali nazo. No Other Land inapata Oscar ilibe kampani yaikulu yoifalitsa ku America, moti eni ake anachita kudzipezera okha nyumba zoonetsera, pamene makampani omwewo amagula mosavuta mafilimu a anthu otchuka ndi a milandu ya kupha. Patangopita milungu itatu chilandirireni mphotoyo, pa 24 Malichi 2025, Hamdan Ballal anamenyedwa kwawo ku Susiya ndi Aisraeli amene anamanga midzi yawo m'deralo, kenako asilikali anamutenga n'kumusunga usiku wonse. Bungwe limene limapereka Oscar linalembera mamembala ake kalata yodzudzula kuzunza anthu aluso, koma osatchula Ballal kapena filimu yake. Zinatengera mamembala mazanamazana kusayina kalata yokwiya kuti bungwelo lipepese n'kulemba dzina lake.